Ulusi Umene Ndinasinthanitsa

Ndinabereka amapasa patapita zaka zitatu chichitikire njala yaikulu ija. Onse anali aakazi, ofanana moti ngakhale achemwali anga aakulu, amene anawalandira ndi manja awo, ankawasokoneza. Ine ndekha ndi amene ndinkawasiyanitsa. Wamkulu, amene anayamba kutuluka, anali ndi kadontho kakuda kuseri kwa khutu lakumanzere, pomwe wamng'ono analibe. Bambo awo anali pa ntchito ku Halale, ndipo ana awowa ankangowamvera m'makalata amene aphunzitsi ankatilembera. Tinkakhala kwathu kwa Kalembo, mbali yoyang'ana ku Shire.

Amapasawa sanali ana anga oyamba. Woyamba anali wamwamuna, ndipo chifuwa chokoka mtima chinamutenga asanayambe n'kukwawa komwe. Amene sanaonepo chifuwa chimenechi asandiuze kanthu. Mwana amatsokomola mosalekeza mpaka milomo kuda, maso kutong'oka, kenaka n'kukoka mpweya ndi kaphokoso konga ka tambala wophunzira kulira. Iwe mayi umangomugwira, palibe chomwe ungachite. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikamva mwana aliyense akutsokomola m'mudzi, ndinkangokumbukira mwana wanga uja.

Kwathu amapasa ali ndi mwambo wawo. Sasiyanitsidwa pa chilichonse. Ukamupatsa wina chigamba cha nsalu, winayo umupatsenso chofanana. Ukamumeta wina, umetenso mnzake tsiku lomwelo. Ngakhale kukalipa, ukakalipira mmodzi uyenera kumunong'onezako winayo kuti nayenso walakwa. Akuluakulu ankati amapasa ndi anthu a nsanje, ndipo amene waona kuti wachepetsedwa amanyanyala n'kubwerera komwe anachokera. Ife tinali Akatolika, ku Misa sitinkajomba, koma mwambo umenewu panalibe amene ankausewera nawo.

Lamulungu lina Misa itatha, aphunzitsi analengeza kuti ku chipatala cha mishoni kwabwera dotolo wachizungu, mzimayi, ndipo akufuna amayi a ana aang'ono. Nditangomva kuti pali mankhwala oteteza ku chifuwa chokoka mtima, sindinadikire kumva zambiri. Lolemba m'mamawa ndinabereka wamkulu, achemwali anabereka wamng'ono, ulendo. Unali mtunda woti ukanyamuka dzuwa likutuluka umafika litafika paliwombo.

Amene anatilandira anali bambo wina wachikulire wothandiza adotolo, wa imvi m'mbali mwa mutu, wovala magalasi omangirira ndi waya. Anaphunzira za chipatala ku nkhondo. Tonse tinkangowatchula kuti abambo a jekeseni. Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, amayi ambirimbiri, n'kutifotokozera m'Chinyanja, kenaka m'Chiyao, mosathamanga.

Anati mankhwala alipo awiri. Ena ndi oteteza ku chifuwa chokoka mtima, ena ndi oteteza ku nthenda ina ya pakhosi imene imatseka mmero. Onsewa ankadziwika kale kuti amagwira ntchito akaperekedwa paokhapaokha, koma kutero kumafuna maulendo asanu, ndipo mvula ikayamba amayi amasiya kubwera chifukwa cha kumunda. Apa tinaseka, poti anatigwira pakamwa. Adotolo ankafuna kuona ngati mankhwala awiriwa angasakanizidwe m'jekeseni mmodzi popanda kuvulaza mwana. Choncho ana ena alandira osakaniza katatu, mwezi ndi mwezi. Ena ayamba ndi a pakhosi okha kawiri, a chifuwa n'kudzatsatira pambuyo. Pamapeto pake mwana aliyense adzakhala atalandira zonse. Anatinso palibe wokakamizidwa, amene sakufuna abwerere ndi mtendere.

Kuti pasakhale kukondera, sanali adotolo osankha. Panali chitini chokhala ndi nyemba zofiira ndi zoyera, ndipo mayi aliyense ankapisamo dzanja atayang'ana kumbali. Nyemba yofiira inali ya jekeseni wosakaniza, yoyera ya mankhwala apaokha. Mwana ankamangidwa ulusi wa mtundu womwewo pamkono, dzina lake n'kulembedwa m'buku lalikulu.

Itafika nthawi yanga ndinapisa dzanja m'malo mwa wamkulu, n'kutulutsa yofiira. Ndinayamba kuchoka, koma abambo a jekeseni anati ana ndi awiri, nyembanso zikhale ziwiri. Ndinapisanso. Inatuluka yoyera.

Ine ndine munthu wa pakamwa, ndipo tsiku limenelo anandidziwa. Ndinawafunsa ngati anabadwira ku Ulaya, kuti mpaka sadziwa kuti amapasa sasiyanitsidwa. Sanakwiye. Anati mwambowo akuudziwa, naonso m'banja mwawo muli amapasa, ndipo analowa m'nyumba kukandilankhulira kwa adotolo. Anatuluka nkhope itagwa. Adotolo akuti amapasa ndiye abwino kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa amayamwa bere limodzi, amagona nyumba imodzi, choncho kusiyana kulikonse kukaoneka kudzakhala kwa mankhwala. Ngati sindikufuna ndingathe kuwachotsa onse awiri, n'kudikira chaka chamawa.

Chaka chamawa! Mwana wanga woyamba chifuwa sichinamudikire chaka chamawa. Ndinaima pamenepo mtima uli pawiri, achemwali akundikoka nsalu kuti tizipita. Pomaliza ndinatambasula mkono wa wamkulu, iwo n'kumanga ulusi wofiira. Achemwali anapereka mkono wa wamng'ono atayang'ana kwina.

Atabayidwa tinagona kumishoni komweko masiku awiri, m'chisakasa chimene anatimangira, kuti aziona ana. M'mawa ndi masana abambo a jekeseni ankayenda mwana ndi mwana, kuika kagalasi koyezera kutentha m'khwapa, kupapasa pobayidwa, n'kulemba. Wamng'ono sanadwale ngakhale pang'ono, ankangoseka ndi aliyense. Wamkulu thupi linatentha, pamkono panatupa ngati dzira la njiwa, ndipo tsiku lonse anakana bere. Abambo a jekeseni anati zimenezi zimachitika, ana ena a ulusi wofiira ateronso, zitha zokha. Zinathadi. Tsiku lonyamuka ankayamwa ngati sanadwalepo.

Koma mawu a achemwali sanathe. Njira yonse yobwerera ankangoti waona, wawasiyanitsa, wamkuluyu wayamba kale kunyanyala, akudabwa kuti walakwa chiyani kuti iye yekha apatsidwe zowawa. Titafika kumudzi nkhani inafalikira. Kudambo, pamtondo, ngakhale pabwalo la tchalitchi, amayi ankagwira timikono ta ana anga, kuyang'ana ulusi wosiyanawo, n'kupukusa mutu. Wina anati amene wanyanyala si wamkulu koma wamng'ono, poti wamanidwa mankhwala amphamvu. Mwezi wonse ndinamva zimenezi. Wamkulu akangoyetsemula, ndinkati basi wayamba kutsanzika. Ndikayang'ana wamng'ono, ndinkakumbukira kuti m'thupi mwake mulibe ngakhale dontho la mankhwala a chifuwa.

Tsiku la ulendo wachiwiri tinapuma pansi pa mtengo wa bwemba, chipatala chikuonekera patali. Pamenepo ndi pamene ndinachita zimene ndakhala nazo moyo wanga wonse. Ndinathyola munga, ndinamasula mfundo ya ulusi wofiira pa mkono wa wamkulu, ndinamasula woyera pa wamng'ono, n'kusinthanitsa. Sindinganamizire achemwali. Iwo anangogwirizira ana, koma nzeru inali yanga, zala zinali zanga. Ndinkaona ngati ndapeza njira yokondweretsa onse. Aliyense akhala atalawa jekeseni wamphamvu kamodzi ndi wofatsa kamodzi, palibe wonyanyala, ndipo adotolo sadzadziwa. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma tsiku limenelo ndinkadziona wochenjera kuposa onse.

Abambo a jekeseni anaitana dzina la wamkulu, ine n'kupereka wamng'ono. Anayang'ana ulusi, anayang'ana m'buku, n'kubaya wosakaniza. Anaitana dzina la wamng'ono, achemwali n'kupereka wamkulu, iye n'kulandira wa pakhosi wokha. Ndinanama popanda kutsegula pakamwa. M'masiku awiri oyeza aja wamng'ono anangofunda pang'ono, ndipo abambowo anandiseka, amvekere mwana wanu wa ulusi wofiira uja wazolowera tsopano. Nanenso ndinaseka nawo, manyazi ndilibe.

Za ulendo wachitatu sindinaziganize bwino. Zitatu sizigawika kwa anthu awiri, ndipo ndinkangoti ndidzaona pofika pa bwemba paja. Ulusi ndinausiya mmene ndinaumangira.

Tsiku limenelo lisanafike, chifuwa chinalowa m'mudzi. Chinayamba ndi ana a kutsidya kwa dambo, kenaka nyumba yoyandikana nafe. Ana anga anayamba ngati chimfine, onse awiri tsiku limodzi. Patapita sabata ndinamva kaphokoso kaja. Ndinali ndikupeta pakhonde, ndipo lichero linandigwa m'manja.

Uthenga unabwera woti ana otsokomola asapite nawo kuchipatala kuopa kupatsira anzawo, abambo a jekeseni aziyendera midzi okha pa njinga. Anafika kwathu, anatisiyira mankhwala akumwa, n'kunena mosabisa kuti chifuwachi chikalowa mankhwala ake enieni palibe, chachikulu n'kuyamwitsa pafupipafupi ndi kumudzutsa mwana akamatsamwa. Anaona kuti mmodzi wafooka kwambiri. Anatembenuza kamkono kake, anaona ulusi woyera, n'kulemba. Ndinali pomwepo, mawu ali pakhosi, koma ndinawameza.

Wamng'ono ankatsokomola, kusanza, kenaka n'kuyamwanso mwaukali. Wamkulu ndiye ankachepa tsiku ndi tsiku. Sabata yachitatu, masana dzuwa lili phwee, anayamba kutsokomola ali pamiyendo panga pakhonde. Ndinamudzutsa, ndinamusisita pamsana, ndinadikira kuti akoke mpweya monga ankachitira. Sanaukoke.

Wamapasa saliridwa. Amati mukalira mokweza, wotsalayo amamva kuti kumene kwapita mnzake n'kofunika, n'kumutsatira. Choncho mwana wanga anapita kumanda mwakachetechete, ine nditaluma nsalu. Amayi achikulire anakathyola chipatso cha mvunguti n'kuchigoneka pambali pake, kuti aziyesa mnzake ali pomwepo asabwere kudzamutenga. Aphunzitsi amene anatsogolera mapemphero anachiona, koma anayang'ana m'buku lawo la nyimbo. Anaikidwa ndi ulusi woyera uja pamkono. Ndinauona pomusambitsa, koma kuuchotsa pamaso pa anthu kukanafuna kuti ndifotokoze.

Patapita masiku anayi abambo a jekeseni anabwera. Anatsamiritsa njinga pankhokwe, anavula chipewa, tinawayalira mphasa. Wamng'ono anali kumsana kwanga, akupuma mokoka koma ali moyo. Abambowo anapepesa mwaulemu wonse. Kenaka anatsegula buku lawo, anatsata mzere ndi chala, nati adotolo atumiza chipepeso pa imfa ya mwana wanu. Ndipo anatchula dzina la wamng'ono.

Mwana amene ndinkamumva kutentha kwake pamsana, amene ndinaletsedwa kulira kuti asatsatire mnzake, anali atatchulidwa wakufa pakhomo panga pomwe. Cholembera chinali kale pamwamba pa dzina lake. Achemwali anandiponda chala cha kuphazi kuti ndikhale chete. Ndikanakhaladi chete palibe akanadziwa. Mwanayu akanangomapita kuchipatala ndi dzina la mkulu wake, dzina lake lenileni litakhwatchidwa pamodzi ndi akufa.

"Iyayi, abambo, musalembe," ndinatero. "Amene mwamutchulayo ndi uyu ali kumsanayu."

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana mkono wa mwana umene unkalendewera pansalu. Anati koma ulusiwu ndi wofiira.

"Ndinasinthanitsa ine. Pa ulendo wachiwiri, pansi pa bwemba."

Anavula magalasi n'kuwagwira m'manja. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. M'malo mwake anandifunsa mafunso mmodzimmodzi: ndi uti anabayidwa chiyani ulendo woyamba, ndi uti ulendo wachiwiri, ndinasintha kangati, ndimawasiyanitsa bwanji. Ndinawauza za kadontho ka kuseri kwa khutu. Anapinda khutu la wamng'ono mofatsa, anaona kuti palibe, n'kulemba zonse. Atamaliza ndinafunsa chimene chinkandidya.

"Ndiye kuti ndamupha ine?"

"Mayi, sindikunamizani," anatero. "Mukanapanda kusintha, womwalirayo akanakhala atalandira mankhwala a chifuwa kawiri, mwina akanalimba. Koma uyu akanakhala asanalandire ngakhale kamodzi, ndipo mwina tikanaika iyeyu. Kapena zonse zikanachitika chimodzimodzi. Ine sindikudziwa, adotolonso sangadziwe."

Mawu amenewa sananditonthoze, ndipo mpaka lero sanditonthoza. Ndinachotsa kwa mwana wina n'kupatsa wina. Amene ndinamuchotsera ali m'manda, amene ndinamupatsa ali moyo. Ndawatembenuza mawuwa mbali zonse kwa zaka zambirimbiri, ndipo sasintha.

Abambowo anakonza m'buku ine ndikuona. Ngakhale sindinkadziwa kuwerenga, ndinawauza kuti andilozere dzina la wamng'ono, ndione kuti silinakhwatchidwe. Anandilozera. Anati ana anga onse awiri achotsedwa pa chiwerengero cha ntchitoyo, chifukwa buku likananena kuti wa ulusi woyera wafa ndipo wa ulusi wofiira wapulumuka, zomwe zikanakometsa mankhwala osakanizawo ndi bodza. Anati mankhwala oti adzabayidwe ana a anthu ena sayenera kukomera pa bodza, ngakhale laling'ono.

Wamng'ono atachira ndinaitanidwa kumishoni. Ndinapita ndekha, achemwali anakana, ndipo tinatha miyezi tikungopatsana moni wa pakamwa. Adotolo anatuluka okha kudzandilandira. Anali mzimayi wowonda, wotopa m'maso. Analankhula kudzera mwa abambo a jekeseni, kuti anauzidwa za mwambo wa amapasa koma sanaumvere, ndipo cholakwa china n'chawo. Kuyambira tsiku limenelo amapasa azitola nyemba imodzi onse awiri. Ndinali nditakwiya nawo, nditakwiya ndi achemwali, ndi amayi a kudambo, koma koposa onse ndi ine mwini. Mumtima ndinkati nyemba imodziyo mukanaivomera tsiku lija ndinkakuwa pansi pa mango.

Wamng'ono anamaliza majekeseni ake onse. Sindinaphonye tsiku, ngakhale mvula itadzaza madambo mpaka m'chiuno. Chaka chotsatira tinamva kuti ana onse ayamba kulandira osakaniza aja, ndipo maulendo anatsika kufika pa atatu. Lero wamng'onoyo ndi gogo, ndiye amene amandisunga kuno ku Liwonde. Zidzukulu zake amapita nazo kusikelo, kumene jekeseni mmodzi amateteza ku matenda angapo, ndipo atsikana a masiku ano amangopereka ntchafu ya mwana uku akucheza. Nkhaniyi ndinamuuza atabereka mwana wake woyamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anadzuka n'kukandiwiritsira madzi osamba, ndipo sitinaikambenso.

Tsiku la jekeseni womaliza, abambo aja anatenga sizasi kuti adule ulusi wofiira, poti ntchito yake inali itatha. Ndinawagwira dzanja. Sanafunse chifukwa, anangobweza sizasiyo m'mbale. Ulusiwo unakhala pamkono pa wamng'ono mpaka unada ndi litsiro, mpaka mkono unakula ulusi n'kuyamba kulowa m'mnofu. Pamenepo ndinaumasula ndi munga monga ndinachitira poyamba.

M'mawa mwake ndinasiya mwana kwa achemwali, n'kupita kumanda ndekha, ngakhale mzimayi sapitako yekha. Kamtumbira kanali katatitimira, udzu utamera. Ndinakumba ndi chala mbali ya kumutu, ndinaikamo ulusiwo, n'kukwirira. Ndinamutchula dzina lake, n'kumuuza kuti ndabweretsa chinthu chake chimene ndinamulanda. Wamng'ono anali kutali, sakanandimva, choncho ndinakhala pansi pomwepo n'kulira maliro amene ndinamumana.